Chithunzi Chimene Chinafulatira Mkwati

Loweruka pa 11 Julaye 1643, nthawi itangokwana 2 koloko masana, m'nyumba ya Egbert wamalonda a bafuta kuno ku Haarlem anavundukula chithunzi cha mwana wake wamkazi, Hillegont. M'chipindamo munali anthu asanu: Egbert mwiniwake, mlongo wake Geertruyt amene analera mtsikanayo mayi ake atamwalira, Hillegont, wojambula Reynier, ndi mlendo wa ku Amsterdam dzina lake Wybrand.

Hille, monga ankamutchulira apanyumba, anali ataona misomali iwiri pakhoma m'mawa, koma anaganiza kuti winawo ndi wa kalilole. Za Wybrand sanaganizepo kanthu. Munthuyo anali atabwera katatu chiyambire Pasaka, ndipo ulendo uliwonse ankangokamba za nsalu ndi kumaliza tchizi cha patebulo.

"Tayandikira, mwana wanga," anatero Egbert. "A Wybrand abwera ndi chithunzi chawo. Chako chikhala pambali pake."

Hille anayang'ananso pakhoma. Zithunzi ziwiri za msinkhu umodzi, mafelemu akuda ofanana, misomali iwiri pakhoma limodzi: ngakhale mwana amadziwa kuti zimenezi ndi za mwamuna ndi mkazi wake. Anayang'ana Reynier. Reynier anali atazyolika, akuyang'ana nsapato zake.

Nsalu itachotsedwa, oyamba kulankhula anali azakhali.

"Mano!" anakuwa motero Geertruyt. "Achimwene, mano ali pamtunda! Mwana wa mumpingo wathu, mano pamtunda ngati mkazi wogulitsa mowa!"

Kunena zoona, mano ake ankaoneka awiri okha, pang'ono. Koma kuno ojambulidwa akuseka ndi zidakwa, oyimba m'misewu ndi zitsiru. Mkazi waulemu amatseka pakamwa.

"Nanga masayawa? Ndani anakuuzani kuti mumupake chofiira? Ife timavala zakuda, bambo, nkhope zathu zimakhala mmene Mulungu anazipangira. Ndipo duwa ili lachokera kuti? Ine ndinakhalapo masiku onse asanu ndi limodzi, mwanayu anagwira mpango basi."

M'dzanja la m'chithunzimo munali anjer, kaduwa kofiira kamene mtsikana amagwira akatomeredwa.

"Duwalo si loipa," anatero Wybrand akumwetulira. "Tiyeni tikoleke tione."

Anakoleka monga mwa mwambo: mwamuna kumanzere kwa woonera, nkhope yake itapendekera kumanja, mkazi kumanja, kuti atembenukire kwa mwamuna wake. Anabwerera m'mbuyo kuti aone bwino. Hille wa m'chithunzimo sanatembenukire kwa Wybrand. Nayenso anapendekera kumanja, akusekera zenera, atafulatira mkwati.

"Mwina tasemphanitsa misomali," anatero Wybrand.

Anasinthanitsa. Tsopano Hille anali pamalo a mwamuna, akusekera nkhongo ya Wybrand.

"Tsitsani!" anatero azakhali. "Tsitsani anthu asanaone pazenera!"

Egbert sanakweze mawu. Sankakweza mawu ngakhale tsiku limodzi, ndipo n'chimene anthu ankamuopera.

"A Reynier, tandilongosolerani."

"M'chipinda changa kuwala kumalowera mbali imodzi, bambo."

"Kuwala. Pa 11 Meyi ndinakupatsani muyeso wa chithunzi cha a Wybrand, ndinakuuzani mbali imene ayang'ana, ndinakuuzaninso ntchito ya chithunzichi. Mutembenuze mutuwo, mutseke pakamwapo, mufafanize chofiiracho. Lachisanu pa 24 chikhale chili pakhoma."

Zonsezo Hille sanazimve bwino. Anangomva tsiku limodzi lokha: 11 Meyi. Miyezi iwiri yathunthu Reynier ankadziwa. Reynier yemwe uja amene anamudzutsa atagwa pa madzi oundana a mtsinje wa Spaarne mu Januwale, amene kuyambira pamenepo ankamulembera timakalata tobisika, ankadziwa kuti akumujambulira mwamuna wina, ndipo sananene.

* * *

Alendo atatuluka, Hille anaima pakhomo la chipinda cha bambo ake.

"Bambo, pa 24 pali chiyani?"

"Tikupita kwa akuluakulu a mzinda kukalembetsa mayina, lako ndi la a Wybrand."

"Munandifunsa liti?"

"Ndikukuuza lero."

"Kuuza si kufunsa, bambo. Wojambula munamuuza mu Meyi. Mmisiri wa mafelemu munamuuza. Kaya ndi wokhoma misomali yemwe. Ine ndekha ndi amene ndinatsala, mwini nkhope."

"Usandilankhule choncho, Hillegont."

"Bwanji osadikira Ogasiti?"

Egbert anatseka buku limene ankawerenga. Onse awiri ankadziwa yankho lake. Lamulungu pa 2 Ogasiti Hille akwanitsa zaka makumi awiri, ndipo mwa lamulo la kuno, mtsikana akafika pamenepo, kholo lomukaniza mwamuna liyenera kukafotokoza zifukwa pamaso pa oweruza. Koma dzina likangolowa m'buku la akuluakulu a mzinda, lonjezolo limamanga ngati ukwati womwe. Pakati pa masiku awiriwo panali masiku asanu ndi anayi okha.

"A Wybrand ndi a mumpingo wathu," anatero Egbert. "Wokwatiwa kunja kwa mpingo amadulidwa. Sadya nafe patebulo limodzi. Ukudziwa zimenezi, ndipo sindikufuna kudziwa chifukwa chake wafunsa za Ogasiti."

Mawa lake, atabwera kopemphera, Hille anapeza chithunzi chake chitatsamira khoma m'kanjira, chikuyembekeza kubwezedwa kwa wojambula. Anachitembenuza. Poyamba anayang'ana nkhope, ndipo anakwiya kuona kuti inali yakedi, kuposa ya pa kalilole. Kenaka anayang'ana dzanja logwira duwa. Chala chaching'ono chinali chokhota pamfundo yapakati.

Anatambasula manja ake onse awiri. Zala zake zinali zowongoka.

* * *

Lolemba m'mawa anapita kukagula buluu wochapira makolala. Sitolo yake inali ya Machteld, mkazi wamasiye wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, amene ankagulitsa utoto wa ufa kwa ojambula onse a mbali ino ya mzinda. Makalata a Reynier ankadzera pamenepa, atakulungidwa pamodzi ndi buluu.

"Ee, akwatibwi afika!" anatero Machteld akupukuta manja pa epuloni. "Mbiri yanu yafika mpaka kumsika wa nsomba. Akuti munalozetsa nkhongo mkwati wa ku Amsterdam."

"Buluu, mapaketi awiri."

"Kalata lero palibe, mwana wa eni. Musafufuze."

Machteld anayamba kukulunga. Hille anayang'ana dzanja lake lamanzere. Chala chaching'ono chinali chokhota pamfundo yapakati.

"Chala chanucho chinatani?"

"Ichi? Mwala wosinjira utoto, kalekale." Anachiimika m'mwamba, akuchitembenuza ngati chili ndi mphete. "Mwachizindikira eti? Ndinawauza a Reynier kuti awongole, koma iwo amajambula zimene maso awo aona. Masana atatu ndinakhala nditagwira kaduwa kaja, dzanja mpaka kuchita dzanzi."

"Munakhala kuti?"

"Pampando wanu womwe uja. Ndi wolimba, si choncho? Ndinawauza kuti aikepo pilo."

Hille anamva magazi kukwera kumaso, ndipo Machteld anaseka.

"Onani, ndi chofiira chomwechi! Sananame ayi. Chofiira cha pamilomo panu ndinapanga ndine, mwana wa eni. Chimachokera ku tizilombo touma ta kutsidya kwa nyanja, ndipo sindipatsa wojambula aliyense. N'chokongola, koma chimachedwa kuuma, sabata yathunthu chikadali kumata. Asanapake pa thabwa amayamba ayesa apa." Anaonetsa mkati mwa dzanja lake, pamene pamagunda mtsempha.

"Mwamuna wanu atamwalira munalira miyezi ingati, mayi?"

"Yokwanira. Inu musadere nkhawa za ine. Kwatiwani ndi wa bafuta mnzanu, muzikadya tchizi ku Amsterdam. Wojambula amafuna mkazi wodziwa kusinja utoto, osati wongodziwa kukhala pampando."

Hille anatenga buluu wake, natuluka osatsazika. Mpaka kufika kunyumba sanathe kusankha amene wamukwiyitsa kwambiri: bambo ake, Machteld, kapena mwamuna amene anamulumikiza mutu wake ku manja a mkazi wina.

* * *

Lachinayi pa 16 Julaye, Egbert analamula kuti Hille akakhalenso pampando kuti mutu utembenuzidwe. Azakhali anamuperekeza. Koma tsikulo kunatentha, ndipo fungo la mafuta a utoto linawazunguza mutu Geertruyt atangolowa.

"Ndikhala panja apa pakhomo," anatero. "Chitseko chikhale chotsegula. Ndipo iwe, pakamwa potseka."

Hille anakhala pampando. Panali pilo. Anamutenga n'kumuponya pansi.

"Hille," anatero Reynier motsitsa mawu, "tandimvera kaye."

"Jambulani, a Reynier. Ndayang'ana mbali yoyenera kodi? Kapena muitane eni manja adzakuthandizeni?"

Chiyambire Febuluwale anali asanamutchulepo kuti inu akakhala awiri. Reynier anaika burashi pansi.

"Za manjazo, ojambula onse timatero. Bambo ako anandipatsa masiku asanu ndi limodzi okha, onse ndinathera pankhope. Ndipo duwa ndikanalijambula bwanji azakhali ako ali pomwepo?"

"Mumzinda wonse uno munasowa mkazi wina wa manja?"

"Amabweretsa utoto, anali pafupi."

"Ali pafupi zedi. Mpaka mumayesa milomo yanga pakhungu lake."

"Ndinayesa kamodzi. Chofiira chimasintha chikakhala pakhungu, ndinkafuna..."

"Sindinabwerere maphunziro a utoto. Pa 11 Meyi munadziwa. Pa 18 Meyi ndinakhala pampando uno koyamba. Munandilembera makalata asanu ndi awiri kuchokera pamenepo, ndinawawerenga dzulo onse. Muli za maso anga, za mitambo, za mbalame ya padenga la tchalitchi. Dzina la Wybrand mulibe."

"Bambo ako anandilumbiritsa kuti ndisakuuze."

"Ndiye munasunga lumbiro la bambo anga, la ine munaliika pati?"

Reynier anakanda m'mutu ndi dzanja la utoto, n'kusiya mzere woyera patsitsi.

"Ndinaopa, Hille. Ndikanakana, akanapita kwa wojambula wina, ine osakuonanso. Ndine Mkatolika wopanda nyumba yangayanga. Masana asanu ndi limodzi ukukhala patsogolo panga, ndikanawapeza kuti?"

"Miyezi yanga iwiri munaisinthanitsa ndi masana asanu ndi limodzi. M'miyezi iwiri ndikanalankhula ndi akulu a mpingo, ndikanapita kwa abale a mayi anga ku Alkmaar mpaka Ogasiti. Tsopano kwatsala masiku asanu ndi atatu."

"Koma ndinanena! Taona chithunzichi. Azakhali ako ankafuna nkhope yoyera ngati kandulo, ine nkhope yotero ndimajambula anthu ogona m'bokosi. Ndinakupatsa nkhope imene unali nayo pa 17 Januwale, utagwa pa madzi oundana, ukunditukwana uku ukuseka. Diresi lakoli akuliona lakuda, koma muli zakuda zitatu: cha mafupa otentha, cha mwaye wa nyale, cha makala a mpesa. Pansi pa zonsezo ndinayala chofiira, n'chifukwa chake likuoneka lofunda. Ndinakutembenuza kuti umufulatire. Aliyense wa maso akanamva zimene ndikunena."

"Bambo anga sawerenga utoto. Amene anamva ndi azakhali, ndipo anamva kuti ndine wogulitsa mowa. Manyazi onse agwera ine, inu mwangoti kuwala kumalowera mbali imodzi. Kuwala! Munthu wamkulu, wandevu, kunamizira zenera!"

"Mukulongolola chiyani m'menemo?" anafunsa azakhali ali panja.

"Akuti nditembenuze khosi, azakhali!"

Reynier anapita pakona, nachotsa chinsalu pa thabwa lina limene linayang'ana kukhoma. Analiimika kumanja kwa chithunzi cha Hille.

Linali la msinkhu womwewo. Munali Reynier mwiniwake, atavala jekete lake lofiirira lakale, nkhope itapendekera kumanzere. Anali atadziika pamalo a mkazi, n'kumusiyira Hille malo aulemu. M'dzanja lake munali anjer wina, wofiira chimodzimodzi. Zithunzi ziwirizo zinayang'anana, ndipo kuseka kwa Hille kunapeza mwini wake.

Hille anayandikira thabwalo. Mkwiyo sunachoke, koma unasunthira pambali pang'ono.

"Dzanja ili ndi la yani?"

"Langa. Ndikulumbira."

"N'chokongola," anatero Hille. "Koma thabwa silikwatira munthu, Reynier. Ngati ukundifuna, ubwere ndi pakamwa pako, uime pamaso pa bambo, unene mawu amene munthu angamve ndi makutu. Akakukana akukane, koma ine ndidzakhale nditamva."

"Liti?"

"Lachitatu pa 22, 10 koloko m'mawa. Wybrand adzakhalapo. Usabwere ndi burashi."

"Ndidzabwera."

"Ndipo mutu uwu usautembenuze."

* * *

Lamulungu pa 19, atatuluka mopemphera, Wybrand anapempha kuti ayende naye Hille m'mbali mwa ngalande, azakhali akutsatira m'mbuyo.

"Mukundida, mayi Hillegont," anayamba motero.

"Sindikukudziwani, a Wybrand. Kuti ndikudeni pafunika nthawi."

Wybrand anaseka mokweza mpaka azakhali anatsokomola.

"Ine nkhani ya chithunzi sinandipweteke. Ndawauza bambo anu kuti asavutike. Ngati inu simutembenuka, nditembenuka ndine. Ndikajambulitsa china ku Amsterdam, choyang'ana kumanzere. Mukhale pamalo a mwamuna, ndi pakhoma pokha. M'nyumba tidzaona."

"Ndinu wokoma mtima."

"Masayawonso asafafanize. Kwathu sitiopa chofiira. Koma chinthu chimodzi chikundisowetsa tulo." Anaima, nayang'ana madzi. "Ndabwera kwanu kanayi tsopano, simunandisekerepo. Munthu akakhala pampando wa wojambula, patsogolo pake pamakhala munthu mmodzi yekha. Azakhali anu ankakhala kumbuyo, ndafunsa. Ndiye kuseka kuja munkasekera yani?"

"Mwina zenera. Kuwala kumalowera mbali imodzi."

"Mnyamata uja ali ndi dzanja labwino," anapitiriza Wybrand ngati sanamve. "Akuwonongeka m'tauni yaing'ono ino. Ndili ndi anzanga khumi ndi awiri oyang'anira nyumba ya ana amasiye, akufuna chithunzi chimodzi chachikulu cha onse pamodzi. Ntchito ya miyezi isanu ndi itatu, yopatsa dzina. Ndikaonana naye mawa."

"Sangapite."

"Mukumudziwa bwino chotero?"

Hille analuma mlomo. Wybrand anavula chipewa, nawerama mwaulemu wonyoza.

Lolemba Hille anapitanso kukagula buluu, ngakhale wa sabata yatha anali asanatsegule. M'paketimo munali kapepala: "Munthu wako wa tchizi anabwera. Lachitatu 10 koloko, monga tinanenera. R." Anakawerenga kanayi. Kapindidwe kake kanaonetsa kuti wina anali atakatsegula kale.

* * *

Lachitatu pa 22 Julaye, belu la tchalitchi chachikulu litagunda kakhumi, Hille anali m'chipinda cha alendo atavala kolala yatsopano. Egbert ndi Wybrand ankakamba za ulendo wa Lachisanu. Azakhali ankasoka. Chithunzi cha Hille chinali chitabwezedwa dzulo lake osasinthidwa, monga mwa pempho la Wybrand, ndipo chinakolekedwa pa msomali wa kumanzere. Wa kumanja unali wopanda kanthu, ukudikira chithunzi chatsopano cha mkwati.

Mphindi khumi zinapita. Kenaka khumi zina. Itakwana hafu pasiti teni, pachitseko panagogodedwa.

Hille anafika pakhomo asanaimirire aliyense. Panja panali Machteld, atanyamula thabwa lokutidwa ndi chinsalu.

"Odi kuno! Pepani eni nyumba, ndabwera ndi katundu wanu."

"Reynier ali kuti?" anafunsa Hille, osasamala amene akumva.

"A Reynier? Akwera bwato la 7 koloko la ku Amsterdam, bokosi la utoto lili m'manja. Kiyi wa chipinda chawo andisiyira ine." Anamugwedeza kiyiyo pachingwe cha m'khosi mwake. "Posesa ndapeza ichi. Ndaona muyeso wake ndi wa kuno, ndiye ndati mwina bambo Egbert anaitanitsa ziwiri."

Analowa osauzidwa, nachotsa chinsalu, nakoleka thabwalo pa msomali wa kumanja ndi manja ake.

Panalibe chofunsa. Hille wa m'chithunzi ankasekera Reynier, Reynier ankamuyang'ana, maduwa awiri ofiira ali pafupi kugundana pamene mafelemu anakumana.

"Mkatolika!" anatero azakhali, singano itagwa. "Wopaka utoto! Ine ndili pomwepo masiku asanu ndi limodzi, ndikusoka ngati chitsiru!"

"Ndiye zenera lija ndi limeneli," anatero Wybrand. "Musadandaule, bambo. Ojambula nawonso amadya. Ndinangomusonyeza kumene kuli mbale, wapita yekha."

Egbert anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, kenaka mwana wake.

"Hillegont, ndi zoona zimene ndikuonazi?"

Hille anamva mkwiyo wa masiku khumi ndi limodzi ukubwerera. Anakwiyira Machteld ndi kiyi wake, Wybrand ndi kumwetulira kwake, ndipo koposa onse anakwiyira mwamuna amene anasiyanso thabwa pamalo pa pakamwa. Anakumbuka zimene iye anamuuza Reynier Lachinayi: mawu amene munthu angamve ndi makutu. M'chipinda monsemo, wotsala kuti awanene anali iye yekha.

"Ndi zoona, bambo. Ndimamukonda Reynier kuyambira pa 17 Januwale. A Wybrand sindiwafuna, ayang'ane kumanja kapena kumanzere. Lachisanu mukhoza kunditengera kwa akuluakulu a mzinda, miyendo ndili nayo. Koma akakandifunsa, ndikayankha kuti ayi, ndipo ndikayankha mokweza."

"Ukudziwa chimene mpingo udzachite?"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa kuti mbale yako idzachoka patebulo lino?"

"Ndikudziwa, bambo."

"Chabwino." Egbert analoza pa msomali wa kumanja. "Ndiye mwamuna amene ukutayira mpingo ndi bambo ako ali kuti? Ine ndikuona thabwa. Iwe walankhula, ndakumva. Iye walankhula chiyani?"

Hille anayang'ana thabwalo. Masaya ake anatentha, ndipo anadziwa kuti aliyense akuona kuti wojambula sananame.

"Lachisanu 10 koloko tikupita," anatero Egbert. "Uli ndi masiku awiri oganiza. Chinthu ichi chichoke pakhoma langa."

Palibe anasuntha, choncho Hille anachitsitsa yekha. Pochitembenuza kuti achitsamiritse kukhoma, chala chake chinamata. Kuseri kwa thabwalo kunali mawu olembedwa ndi burashi, ndi chofiira chija chochedwa kuuma: "Hille, usamve za wina aliyense. Ndapita ku Amsterdam kuti". Panathera pamenepo. Mizere iwiri yotsatira inali itafafanizidwa ndi chala, n'kusanduka chibanga chimodzi chofiira, chonyowabe.

Anadzutsa maso. Machteld anali pakhomo, akutsazika azakhali mwaulemu. Pachala chake chokhota panali utoto wofiira. Koma Machteld amagwira utoto wofiira tsiku lililonse.

Mabwato a ku Amsterdam amafika ola lililonse, hatchi ikukoka, ndipo pamene amakocheza pamaoneka kuchokera pazenera la chipinda cha Hille. Tsiku limenelo, kuyambira la 12 koloko masana mpaka lomaliza la 8 koloko dzuwa lisanalowe, anafika mabwato asanu ndi anayi. Reynier sanatsike m'bwato lililonse.